Dark Flake akukana kuyaka komanso akundizunguza mutu, ndikulakwitsa pati?

"Zikomo akulu. Ine ndakhala ndikusuta kaliwo kwa chaka ndi miyezi ingapo, fodya wake wofatsa uja wonunkhira vanila. Mnzanga wina anandipatsa Dark Flake wa Gawith Hoggarth akuti ameneyu ndiye fodya weniweni. Ndayesa katatu konse koma sakuyaka, machesi akumatha pafupifupi theka la bokosi, kaliwo akumalira ngati muli madzi, ndipo kachitatuko nditalimbikira mpaka anayaka ndinamva chizungulire, thukuta lozizira, nseru, mpaka ndinakagona. Kodi fodyayu ndi wowonongeka kapena ndine ndikulakwitsa? Nanga anthu amamukondera chani?"

Achimwene, choyamba mtima ukhale m'malo, fodya wanuyo sanawonongeke ayi. Zonse mwafotokozazi, kukana kuyaka, kulira kwa kaliwo, chizungulire, ndazimva kwa anthu ambirimbiri pa zaka zoposa 20 zimene ndakhala ndi kaliwo, ndipo inenso tsiku loyamba kulawa fodya ameneyu ndinamusiya pakati n'kukhala pansi kudikira kuti mutu ukhazikike. Mavuto anu ndi awiri ndipo ndi osiyana, lina ndi chinyezi lina ndi chikonga. La chinyezi limatha ndi manja anu omwewo lero lomwe, koma la chikonga limafuna kuti mulimvere thupi, nde limenelo ndilankhulapo mosabisa kumapetoku.

Mudziwe kaye chimene chili m'manja mwanu. Gawith Hoggarth ndi kampani yakale ya m'tauni ya Kendal, kumpoto chakumadzulo kwa England, ndipo eni akewo amanena kuti Dark Flake ndi masamba a mitundu iwiri basi ophatikizidwa mofanana, chikopa cha ku Malawi ndi fodya wakuda wa ku India wouma ndi mphepo. Mulibemo Virginia wowala uja wokhala ndi shuga wambiri amene amafewetsa fodya wina. Chikopa ndi fodya amene masamba ake amapachikidwa m'balani pansi pake pakunyeka moto wa nkhuni pang'onopang'ono kwa masiku ambiri, utsi n'kumalowa m'tsamba mpaka lida n'kukhala lolimba ngati chikopa chenicheni, ku America amachita zomwezo ku Kentucky ndi Tennessee. Tsamba lotero limakhala ndi shuga wochepa koma chikonga chambiri. Ena amasokoneza ndi fodya wina wa kaliwo wotchedwa Latakia chifukwa nayenso amaumitsidwa ndi utsi, koma Latakia fungo ndiye lalikulu, chikonga chake si chambiri, pomwe chikopa fungo lake ndi lapakatikati koma mphamvu ndiye zilimo.

Akatero masamba aja amawasanjikiza ali ndi chinyezi n'kuwadinda mwamphamvu, ndi kutentha komwe, mpaka agwirane kukhala chinthu chimodzi cholimba ngati njerwa, kenako n'kuchidula timagawo topyapyala, timeneto ndiye fleki. Kudindako kumachotsa ukali wa tsamba, utsi umatuluka wozizira, wosalala, wosakanda kukhosi. Apa mpamene pamagona vuto, chifukwa munthu wozolowera kuyeza mphamvu ya fodya ndi mmene akukandira pakhosi amaona ngati uyu ndi wofatsa, amapitiriza kukoka, pofika pakati pa kaliwo chikonga chalowa kale m'magazi. Fodya wa vanila amene mwazolowerayo nthawi zambiri amakhala Cavendish, wophikidwa ndi nthunzi, wodulidwa kale momasuka, chikonga chake chochepa, nde kuchoka pamenepo kulumphira ku Dark Flake ndi mtunda wautali zedi, thupi lanu silinaname.

Mwafunsa kuti anthu amamukondera chani. Amene amamukonda mukawafunsa amatchula fungo la dothi mvula ikangogwa kumene, ena amati chikopa cha nsapato yatsopano, ena khofi wopanda shuga, ena nkhuni zonyeka, ndipo ambiri amati amafanana ndi ndudu zazikulu zija za masamba okhaokha. Kwa ine chimene chimandikoka ndi pakati pa kaliwo, moto ukakhazikika, pamabwera kakutsekemera kobisika kamene sikachokera ku zothira koma ku tsamba lenilenilo, ndipo utsi umakhala wolemera m'kamwa moti sufuna kukoka pafupipafupi, kamodzi basi n'kukhala chete kwa kanthawi. Komanso sasintha, mmene wayambira ndi mmene amathera, kungoti amanka nakula mphamvu chakumunsi. Ena izi ndi zimene amadana nazo, amati kukoma kwake ndi kumodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi ndipo amatopa nako, nawonso akunena zoona zawo.

Pali mitundu iwiri ya Dark Flake, Unscented (wosathira zonunkhiritsa) ndi Scented (wothira), onani kuti mnzanuyo anakupatsani uti. Scented amathiramo zonunkhiritsa za makampani a ku Kendal zimene osuta amazitcha Lakeland, fungo longa la maluwa, ena amati la sopo kapena perefyumu, ndipo palibe chinthu chimagawanitsa osuta kaliwo ngati chimenechi, wina amachifuna tsiku lililonse wina olo kununkhiza chitini safuna. Ngakhale mu Unscented anthu ambiri amati amamvamo kafungo ka maluwa chapatali makamaka poyatsa, inenso ndimakamva, koma kamazimiririka mphindi zochepa. Za fungo la m'nyumba ndiye musayembekezere kuyamikiridwa ngati mmene zimakhalira ndi vanila uja, okhala nawo pafupi ambiri salikonda, limakakamira pa zovala ndi makatani. Ndipo mawu a mnzanu oti uyu ndiye fodya weniweni ine sindigwirizana nawo, kusuta fodya wamphamvu si chizindikiro cha uchamuna kapena ukatswiri, ndawaona anthu osuta kaliwo zaka 40 amene sanamukondepo n'kamodzi komwe.

Tsopano za kukonza. Fleki za ku Kendal zimabwera zonyowa kwambiri, nde mukangotenga n'kuponya m'kaliwo mukuyatsa madzi. Tengani kagawo kamodzi, kwa inu olo theka lake, mukayale pa pepala loyera pamalo podutsa mphepo koma pamthunzi. Nthawi yake sindingakuuzeni yeniyeni imodzi chifukwa imatengera nyengo, kukakhala kouma mphindi 30 zikhoza kukwana, kukakhala kwa chinyezi maola 2 kapena kuposerapo, nde musadalire wotchi, dalirani zala. Tsinani pang'ono pakati pa zala ziwiri n'kusiya, akakhala chigwirizanire ngati chingamu ndiye kuti akadali wonyowa, akamasuka yekha pang'onopang'ono ndiye wafika, akafumbutuka ngati fumbi mwapitirira. Ine ndimakonda kumuumitsa mpaka m'mphepete muyambe kumveka khwakhwa koma pakati pakadali pofewa. Umitsani wosuta nthawi imeneyo yekha, osati fodya yense. Padzuwa ayi, pafupi ndi moto ayi, kumeneko fungo limathawa n'kutsala kuwawa.

Njira zokonzera zimene anthu amatsatira zilipo zingapo koma kwa inu ndikupangirani yofikisa. Ikani kagawo kaja pachikhatho, phimbani ndi chinzake n'kufikisa mozungulira mpaka kamasuke kukhala timaulusi, kukakhala timfundo tolimba timasuleni ndi zala. Ndipo chinsinsi chake n'choti mufikise kaye kenako muumitse, chifukwa wofikisa amauma msanga komanso mofanana kuposa kagawo kathunthu kamene kamauma kunja kokha mkati muli chinyontho. Wofikisa amayaka mosavuta, safuna kuyatsanso kambirimbiri, kuipa kwake n'koti amayaka mofulumirirako nde mukakoka mwaphuma amatentha.

Njira ina ndi kudula timabokosi ting'onoting'ono ndi mpeni wakuthwa kapena sizasi, tokula ngati mamilimita 3 kapena 4, n'kungotithira m'kaliwo osatsindira, kungogogoda m'mbali ndi chala kuti tikhazikike. Imeneyi ndimaikonda ndikakhala panja pamphepo chifukwa timabokosito timanyeka pang'onopang'ono ndipo mpweya umadutsa bwino pakati pake. Ndiye pali ija yotchuka yopinda kagawo kathunthu, kupinda m'litali kenako pakati n'kulowetsa m'kaliwo mizere ya tsamba itaima chilili, nsonga zili m'mwamba. Anthu akale amaikonda chifukwa kukoma kumatuluka kozama ndipo kaliwo mmodzi amatha ola lathunthu kapena kupitirira, koma ndi imene imavuta kuyatsa kuposa zonse, ndipo ndikukayikira kuti ndi imene munachita inuyo, mwina mongokankhira kagawo konyowa. Ola lathunthu la Dark Flake si la munthu woyamba. Muisiye kaye imeneyo mpaka mtsogolo.

Polongedza m'kaliwo, dzanja lipepuke. Fleki ikatentha imafufuma, nde mukatsindira ngati mmene mumachitira ndi fodya wanu wakale uja, pakangopita mphindi zochepa njira ya mpweya yatsekeka, inu mumayamba kukoka mwamphamvu, moto umatentha kwambiri pamwamba pomwe pansi pakusonkhana madzi. Musanayatse yesani kukoka, mpweya uzibwera mosavuta ndi kakukana pang'ono chabe, mukaona masaya akulowa mkati khuthulani muyambirenso, palibe chimene mwataya. Siyani kampata pamwamba, ndipo timafumbi totsala pa pepala paja tiwazeni pamwamba penipeni, timagwira moto msanga n'kuupatsira kwa fodya wokhuthalayo ngati mmene tizitsotso timayatsira chikuni.

Kuyatsa kumachitika kawiri. Koyamba yendetsani moto mozungulira pamwamba ponse mukukoka pang'onopang'ono, fodya atukuka n'kuzima, zimenezo n'zoyenera, sikuti walephera. Tsindirani pang'ono ndi chotsindirira kuti pamwamba pakhale posalala ndi makala, kenako yatsani kachiwiri, apa mpamene amagwira zenizeni. Ngati ndi machesi dikirani kamutu kake kayambe kapsa kuti fungo lake lisalowe m'fodya. Kuzima kawiri katatu m'kati mwa kusuta ndi khalidwe la fodyayu, ngakhale kwa odziwa, nde musamathamangitse moto ndi kukoka kwa phuma poopa kuti uzima, bola uzime muyatsenso. Kamphika ka kaliwo kakatentha moti simungakagwire bwino m'manja, muikeni pansi azizire.

Kulira kuja ndi madzi amene asonkhana pansi ndi mumpini, ena ochokera ku fodya wonyowa ena ku malovu. Lowetsani kawaya kathonje kotsukira kaja kuchokera kukamwa kwa mpini mpaka pansi, katulutseni, pitirizani kusuta. Musazule mpini kaliwo akadali wotentha, polumikizira paja pamathyoka kapena kukhwepa, ndawaona akaliwo abwino atawonongeka chifukwa cha zimenezi.

Kaliwo wake akhale wamng'ono, wa kamphika kopapatiza. Ichi chokha chimachepetsa theka la vuto lanu chifukwa fodya wolowamo ndi wochepa. Komanso dziwani kuti fodyayu, makamaka Scented, amasiya fungo lake m'kaliwo wa briar, mtengo wolimba uja umene amasemera akaliwo ambiri, moti fodya aliyense mudzaikemo pambuyo pake azidzamveka maluwa omwewo kwa nthawi yaitali, ndipo mbali inayo vanila wanu uja ali kale m'kaliwo wanuyo nde zimene munalawazo mwina sizinali Dark Flake yekha. Njira yosavuta ndi kupeza kaliwo wa chitsononkho cha chimanga, ngati aja a Missouri Meerschaum amene akhala akupangidwa ku America kuyambira 1869, n'kumupatula kuti akhale wa fodya wakuda yekha. Amayamwa chinyezi bwino ndipo akatenga fungo simudandaula.

Tibwere ku chizungulire chija, chifukwa pamenepa mpamene ndikufuna mumvetsetse. Anthu ambiri amaganiza kuti poti utsi wa kaliwo saumezera m'mapapo ndiye kuti chikonga sichilowa. Chimalowa ndithu, kudzera m'kamwa momwemo, m'masaya, pansi pa lilime ndi m'mphuno, ndipo utsi wa masamba akuda opanda shuga ngati awa ndi umene chikonga chake chimadutsa mosavuta m'kamwa kuposa wa ndudu wamba. Ndiye taganizani zimene zinachitika tsiku lija, munali kulimbana ndi fodya wonyowa, kukoka mwamphamvu kambirimbiri kuti ayake, madzi owawa a mumpini kufika pa lilime inu n'kumeza, mwinanso m'mimba mulibe kanthu, thupi linalandira chikonga chambiri pa nthawi yochepa. Nseru, thukuta lozizira, malovu kudzaza m'kamwa, mtima kuthamanga, zonsezo ndi thupi kukuuzani kuti poizoni wachuluka, tisazitchule dzina lina. Chikonga chimatenga pafupifupi maola 2 kuti theka lake lichoke m'magazi, n'chifukwa chake simunachire nthawi yomweyo mutangosiya.

Ngati mukufuna kuyesanso, idyani kaye mukhute, khalani pansi, thirani theka la kaliwo wamng'ono, utsi usapite m'mapapo, ndipo madzi owawa akafika m'kamwa lavulani. Musaphatikize ndi mowa, musasute mukuyendetsa galimoto kapena pamakina. Mukangomva kutentha pachipumi kapena malovu kuchuluka, siyani pomwepo osati kuti nditsirize kaye, chifukwa chimene chalowa kale chimapitiriza kukwera kwa mphindi zingapo ngakhale mwasiya. Tulukani kumphepo, imwani madzi, osuta ambiri amati kanthu kotsekemera kamathandiza ndipo kwa ine kamathandizadi pa nseru. Ena amasakaniza Dark Flake pang'ono ndi Virginia wamba kuti amve kukoma kwake popanda kugwetsedwa, imeneyo ndi nzeru yabwino. Mukhozanso kuyambira pa wofatsirapo wa banja lomweli, Mac Baren HH Old Dark Fired wa ku Denmark amabwera wouma bwino ndipo savuta kuyatsa, ngakhale nayenso si wamasewera. Peterson Irish Flake ndi Samuel Gawith 1792 Flake ali m'gulu la amphamvu omwewo, nde musathawire kumeneko poganiza kuti mukupuma.

Koma pali zizindikiro zina zimene si zodikira kunyumba. Kupweteka kapena kuthina pachifuwa, mtima kugunda modumphadumpha, kubanika, kusanza kosalekeza, kukomoka kapena kusokonezeka mutu, pamenepo pitani kuchipatala msanga ndipo mukawauze mosabisa chimene mwasuta. Ngati muli ndi BP, matenda a mtima kapena a shuga, kapena munadwalapo sitiroko, ine ndikuti fodyayu musamuyandikire n'komwe, kaonaneni ndi dokotala za kusuta kwanu konse. Ndipo fleki imaoneka ngati chokoleti, mwana wamng'ono kapena galu akadya olo kagawo kochepa ndi ngozi yeniyeni, thamangirani kuchipatala osadikira zizindikiro, nde muzisunga pamwamba potsekeka.

Chinthu china chimene anzathu osuta sakonda kuchitchula. Adzakuuzani kuti limbikirani thupi lizolowera, ndipo n'zoona limazolowera, koma kuzolowerako ndiye chiyambi cha chibaba, tsiku limene Dark Flake adzaleka kukuzunguzani ndi tsiku limene thupi layamba kufuna chikonga chambiri kuposa kale, vanila uja adzayamba kumveka ngati mpweya chabe. Ine kaliwo ndimamukonda koma sindingakunamizeni kuti ndi wotetezeka, amawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'kamwa, ya lilime, ya kukhosi, ya kummero ndi ya m'mapapo yomwe, matenda a mtima ndi a nkhama, ngakhale kwa amene sameza utsi, ndipo ukaphatikiza ndi mowa chiopsezo cha m'kamwa ndi kukhosi chimakwera kwambiri. Utsi wake umafikiranso amene mumakhala nawo, nde pamene pali ana kapena mayi woyembekezera sutirani panja patali. Muzidziyang'ana m'kamwa pagalasi nthawi ndi nthawi, chilonda chosapola pakatha masabata 3, chigamba choyera kapena chofiira chosachoka, chotupa m'khosi, mawu kusasa kwa nthawi yaitali kapena kuvutika kumeza, pitani kwa dokotala kapena wa mano ngakhale zisakupweteka, zoopsazo nthawi zambiri zimayamba mosapweteka. Ndipo mukadzaona kuti mukusuta chifukwa thupi likukukakamizani osati chifukwa mwafuna, kuchipatala kuli thandizo losiyira, kulipempha si manyazi.

Wotsalayo musamusiye m'kapepala kamene anabweramo, auma n'kutha fungo m'masabata ochepa. Muikeni m'botolo lagalasi loyera, louma, la chotsekera chothina bwino, n'kuliika pamalo amdima ozizira, mmenemo amakhala zaka ndipo ukali wake umanka nufewa ngakhale chikonga chimakhalabe momwemo. Pa fleki zosungidwa nthawi zina pamaoneka timadontho tonyezimira ngati mchere, ambiri timeneto sitiwadetsa nkhawa, koma mukaona zoyera kapena zobiriwira zaubweya, kapena fungo la chuku, tayani botolo lonse, musapale pamwamba n'kusuta wapansiyo. Mukayesa ulendo wachinayi ndi theka la kagawo kofikisa, kouma bwino, m'kaliwo wamng'ono mutadya, n'kumvabe chizungulire, m'bwezereni mnzanuyo fodya wake, ndipo mundilembere mundiuze kuti zinayenda bwanji.